Ulendo wa mlambe

 

Amene mudapitako ku Likoma mukuidziwa milambe ya kumeneko. Duwa la mlambe loyera limamasula usiku, mileme n'kubwera kudzamwa timadzi take. Kodi mtengowu kwawo n'kuti? Mu 2024 akatswiri, atayeza DNA ya mitundu yonse 8 ya milambe, adapeza kuti udachokera pachilumba cha Madagascar. Akuganiza kuti malambe adayandama panyanja yamchere, ena n'kufika kuno ku Africa, ena ku Australia. Zimandigwira mtima ndithu: chigoba chomwe ana athu amaswa pamwala chija mwina chidawoloka madzi popanda bwato.

Mukapeza kamlambe katamera m'munda, chonde musakazule.