Mwana Wotsekeredwa m'Cipinda

Margherita Woyera anabadwa ku Metola, m'dziko la Italy, m'caka ca 1287. Anabadwa wakhungu, wotsimphina, ndi wa linunda pa msana. Makolo ace, anthu omveka ndi acuma, anacita naye manyazi. Akali wamng'ono anamtsekera m'kacipinda kogundana ndi calici, namata khomo lace, ndipo cakudya ankalandirira pa zenera. Wansembe wa pamenepo ndiye ankamphunzitsa za Mulungu ndi kumpatsa Ukaristia Woyera.

Atakula, anapita naye ku Città di Castello kukapempha cozizwitsa. Poona kuti sanacire, anamsiya komweko nathawa. Koma Mulungu sataya wace. Amphawi a mumzindamo anamtola namsunga mosinthana. Pambuyo pace analowa m'Gulu Lacitatu la Dominiko Woyera, namaphunzitsa ana ndi kuceza ndi akaidi, kufikira imfa yace m'caka ca 1320. Papa Francis anamlemba m'gulu la Oyera m'caka ca 2021.

Kuyera kwa Margherita sikufafaniza cimo la makolo ace. Lamulo lacinai lilamula ana kulemekeza atate ndi amai, koma limanganso makolo kuti alere ana mwa cikondi. Kholo lozunza mwana licimwa cimo lalikuru. Nayenso mnansi wakumva kulira usiku nakhala cete sali wosalakwa. Aphunzitsi a katekisimu akaona mwana wa zipsera kapena wobisidwa m'nyumba, asazengereze kudziwitsa wansembe ndi a Boma. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Margherita Woyera apempherere ana onse osautsidwa.