Miyezi ya mwana wa kangaru tiziiwerenga kuyambira pati?

Mayi akamatuluka m'chipatala ndi khanda lobadwa masiku asanakwane, amauzidwa za kulifunditsa ndi kuliyamwitsa pafupipafupi. Ndi malangizo abwino. Njira ya kangaru, yofungatira khanda pachifuwa, yomwe inayambira ku Bogotá mu 1978 n'kufika pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, yapulumutsa makanda ambiri, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti khanda lotere liziikidwa pachifuwa likangobadwa. Koma nkhawa ya mayi sithera pomwepo. Imadzabweranso pa mzere wa kusikelo, akaona mwana wa mnzake, wobadwa mwezi womwewo, atakhala tsonga pamene wake khosi langoyamba kumene kulimba.

Apa m'pamene makolo tikuwasiya okha, ndipo si bwino. Madokotala a ana amawerenga kakulidwe ka mwana wotere kuyambira tsiku limene ankayembekezeka kubadwa, mpaka atafika zaka 2. Wobadwa mimba ili ndi milungu 32 anafulumira ndi milungu 8, choncho akakwanitsa miyezi 6 tizimuyembekezera kuchita za mwana wa miyezi 4. Masamu ake ndi omwewa basi. Koma mayi amene sanawamvepo amagona akulira, agogo n'kumati mwana walodzedwa kapena mkaka sukumukwana, mpaka phala limayambika nthawi isanakwane.

N'chifukwa chake ndikuti pophunzitsa za kangaru, bambo ndi agogo azikhalapo. Pakhomo mawu a agogo ndi amene amamveka. Auzidwe kuti kulankhula ndi khanda, kuliimbira, kuliyang'ana m'maso poyamwitsa, kuligoneka chafufumimba kwa kanthawi lili maso pali wolipenyerera, zonsezi zimakuza ubongo ndi minofu yake, ndipo sizifuna ndalama.

Wina anganene kuti kuwerenga kotereku kudzachititsa makolo kulekerera vuto lenileni. Nkhawayo ndi yomveka, chifukwa ana obadwa msanga ena amakhaladi ndi vuto la maso, makutu kapena kuuma ziwalo. Komatu kholo lodziwa msinkhu weniweni ndi limene lingazindikire msanga. Mwana akapanda kudzidzimuka ndi phokoso, kutsatira nkhope ndi maso, kapena miyendo ikamauma n'kupingasana, apite naye kuchipatala osadikira tsiku la sikelo.

Anamwino ndi alangizi a zaumoyo angayambe ndi kulemba masiku onse awiri m'buku la kusikelo, lobadwa ndi limene mwana ankayembekezeka kubadwa, n'kuwafotokozera makolo asanatuluke m'wodi.