Mphaka wa bere musamupirikitse

Adzukulu anga, khalani pansi ndikuuzeni za mphaka, chifukwa pa ziweto zonse zapakhomo ndiye amene mumamuiwala. Mbuzi ikatenga bere aliyense amadziwa, mpaka mumawerengera miyezi yake isanu, koma mphaka mumangodzidzimuka tiana tikulira kuseri kwa matumba. Kuno kwa Pembamoyo timadalira za kumunda: chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa. Tikakolola, matumba ena timagulitsa ku bungwe la FRA, otsalawo ndiwo otifikitsa ku zokolola zina. Anankafumbwe timawathira mankhwala, nanga khoswe woboola thumba usiku amamuletsa ndani? Ndi mphaka yemweyo amene mumamugenda akalira pakhomo. Walonda nkhokwe chaka chonse, ndiye masabata ochepa a uchembere wakewa tiyenera kumulonda ndi ife.

Bere la mphaka silichedwa. Limatenga masiku 63 mpaka 65, kapena tinene kuti masabata 9. Pakatha masabata atatu, mukamugoneka chagada mudzaona nsonga za mawere zafiira ndipo zatupa pang'ono. Kenako mimba imatulukira m'mbali ndipo amadya kwambiri. Musamufinye mimba pofuna kuwerenga ana, mungawapweteke. Ana ang'ono muwaletse kumunyamula pamimba ngati chidole.

Pa nkhani ya chakudya ndi pamene ambiri timalakwa. Timati mphaka amadzidyetsa yekha, ndipo ena amamumana dala kuti azigwira makoswe. Wa bere lalikulu sathamanga ngati kale, komanso akudyera ana anayi kapena asanu. Mphaka ndi nyama yodya nyama. Nsima yokha imangomudzaza mimba osamupatsa mphamvu. Musinjireni kapenta, mutamuviika kaye m'madzi kuti mchere uchoke, musakanize ndi nsima pang'ono. Dzira lophika, matumbo a nkhuku ophika, mitu ya nsomba yochotsa minga, zonsezi n'zabwino. Mbewa zimene mumakumba m'chilimwe, imodzi mumusiyireko. Msuzi wa anyezi musamupatse, anyezi amawononga magazi a mphaka. Mkaka wa ng'ombe amaukonda, koma ambiri umawatsegula m'mimba. Mupatseni pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, popeza mimba yapanikizika, ndipo madzi oyera azikhala m'kambale nthawi zonse, makamaka mu October dzuwa likamaswa mtengo.

Imvani bwino apa, chifukwa apa ndi pofera amphaka ambiri. Musamumwetse mankhwala a anthu. Panado amene timamwa mutu ukamapweteka, kwa mphaka ndi poizoni. Ngakhale kachidutswa kamamupha. Dibi ya ng'ombe, mankhwala a nthata a agalu, mankhwala opopera thonje, musamupake. Mphaka amadzinyambita thupi lonse, choncho chimene mwamupaka pakhungu chimathera m'mimba. Ndipo ngati pakhomo pali mphaka, mankhwala ophera makoswe alekeni. Khoswe amene wadya poizoni amayenda mozandima, sachedwa kugwidwa, ndipo womugwirayo angafe pamodzi ndi ana ake m'mimba. Pokuletsani mankhwala a nthata aja, sikuti nthatazo ndikuzichepetsa ayi. Mu 2015 ku Nyimba kunabuka mliri wa plague, matenda amene amafala ndi nthata za makoswe. Koma njira yake ndi kusesa pogona, kuchapa nsanza zake ndi kuziyanika padzuwa, ndi kufunsa alangizi a ziweto mankhwala oyenera mphaka wa bere.

Kukatsala sabata imodzi kapena awiri, mudzamuona akulowa paliponse: pansi pa bedi, mu dengu la zovala, kuseri kwa matumba, padenga la nkhokwe. Akufuna malo oberekera. Musadikire kuti asankhe yekha pamalo poipa. Tengani katoni kapena dengu lakale, muyalemo chitenje chakutha chochapa bwino, muike pangodya ya mdima pomwe sipadutsa anthu. Thumba lolukidwa la feteleza musayalemo: limanunkha mankhwala, ndipo ulusi wake umakola tizikhadabo ta ana. Pakhale patali ndi agalu, patali ndi nkhumba, ndiponso mphaka wamwamuna asafikepo. Kukhitchini n'kofunda, koma katoniyo italikire mafuwa. Ngati ndi nthawi ya mvula, kumbukirani linthumbu, lomwe lingathe kumaliza tiana tonse usiku umodzi. Ikani katoniyo pa njerwa ndi kuzunguliza phulusa. Mukamukonzera iye n'kukana, n'kukasankha pena, musalimbane naye. Ngati pamalopo palibe choopsa, ingomuyalirani pomwepo.

Tsiku likayandikira mawere amadzaza, mwina mkaka n'kumadontha. Amasiya kudya, amangolowa ndi kutuluka, amalira, amadzinyambita kumbuyo kosalekeza. Ena amakutsatirani paliponse, ena amabisala. Mukaona izi, mutsekereni m'nyumba usiku kuti asakaswere kutchire.

Ikafika nthawi, ntchito yanu yaikulu ndi kukhala chete. Ana asadzazane pamenepo, tochi musamuunike m'maso. Munthu mmodzi yekha amene mphakayo anamuzolowera akhale chapatali, aziyang'ana. Mudzaona mimba ikukokeka, iye akuchima, kenako kamwana n'kutuluka kali m'kathumba konyowa. Mayi amang'amba kathumbako ndi lilime, amakanyambita mwamphamvu mpaka kalire, amaluma mchombo, n'kudya zotsalira. Musanyansidwe nazo, ndi chilengedwe chake. Kamwana kena kamatsogoza mutu, kena miyendo yakumbuyo; kwa mphaka zonsezi n'zabwinobwino. Pakati pa mwana ndi mnzake pamadutsa mphindi 10 mpaka ola limodzi, ndipo nthawi zina amapuma maola ambiri akuyamwitsa oyambawo, kenako n'kupitiriza. Ngati wagona mwamtendere, ana akuyamwa, musiyeni.

Pali nthawi imodzi imene dzanja lanu limafunika. Mphaka woyamba kubereka, kapena wotopa kwambiri, nthawi zina amangokasiya kamwana m'kathumba osakanyambita. Ikadutsa mphindi imodzi, sambani m'manja ndi sopo, ng'ambani kathumbako pankhope ndi zala, pukutani mphuno ndi kukamwa ndi kansalu koyera, ndipo mukapukute pamsana mpaka kalire. Kakalira kaikeni pa bere la mayi wake. Mchombo musaukoke.

Zoopsa zenizeni n'zochepa ndipo zimaoneka. Akachima mwamphamvu theka la ola popanda kutulutsa mwana, kamwana kakaonekera n'kukakamira pakhomo, magazi akamatuluka ambiri, kukamatuluka zonunkha, kapena atatha kuswa n'kumangogona wofooka, thupi lotentha, osadya, osasamala ana. Pamenepo musakoke mwana mwamphamvu, musamumwetse zitsamba. Itanani alangizi a ziweto. Ndikudziwa kuti kuchokera kuno kukafika ku boma ndi mtunda, ndipo wina adzakusekani kuti mukuvutikira mphaka. N'chifukwa chake nambala ya foni ya alangizi a m'dera lathu muipeze tsopano, tsikulo lisanafike. Ngakhale pafoni angakuuzeni chochita.

Ngati pakhomo pali mayi woyembekezera, ntchito yosamala mphakayi si yake. M'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo tosaoneka timene timavulaza mwana wosabadwa. Asaole zonyansa za mphaka, asachape nsanza zoberekerapo. Muchite inu, ndipo mukatha musambe m'manja ndi sopo. Sikuti mphakayo achotsedwe pakhomo, ayi. Ukhondo wokha ndi wokwanira.

Tiana timabadwa tosaona ndiponso tosamva, ndipo maso amatseguka pakatha masiku 7 mpaka 10, tina kuchedwerapo pang'ono. Musatitsegule maso ndi zala. Masabata oyambirira sititha kudzifunditsa tokha, choncho tobadwa mu June ndi July, mphepo ikamawomba m'mapirimu, timafa ndi kuzizira kuposa njala. Phimbani mbali ya katoni ndi bulangeti lakale, ndipo nsanza zikanyowa musinthe. Kamwana kokhuta kamagona phee, mimba ili tuu. Kolira kosalekeza kakumanidwa bere ndi anzake, ndiye mukathandize kupeza bere. Mukamatigwiragwira, mayi amatinyamula pakhosi kamodzikamodzi n'kukatibisa kumene simungatipeze. Woyamwitsa amadya kuposa wa bere, choncho mbale yake isaume.

Ndinenepo za ufiti, popeza mwazimva. Anthu akamva mphaka akulira usiku ngati khanda amati ndi malodza, makamaka akakhala wakuda. Kulira kumeneko ndi kwa mphaka wamkazi wofuna wamwamuna, ndipo pakatha masabata 9 mudzaona zotsatira zake. Enanso akaona mphaka wadya mwana wake amati ndi mfiti. Kawirikawiri amakhala mwana wobadwa wakufa, kapena mayiyo wasokonezedwa ndi phokoso ndi mantha. Ine ndakalamba ndili ndi amphaka pakhomo, akuda ndi amawanga, ndipo chimene ndaona ndi chimanga chosabooledwa. Zimandiwawa ndikaona anyamata akugenda mphaka wa bere chifukwa cha nkhani zakumva.

Tsono walira mvula walira matope. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi isanu yokha, amaswa kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo angatengenso bere lina akadali kuyamwitsa. Ngati simukufuna ana ambiri, madokotala a ziweto amachita opaleshoni yotseka kubereka. Funsani ku ofesi ya za ziweto ku boma kapena mukapita ku Chipata. Mufunsenso za katemera wa chiwewe. Timaganiza kuti ndi wa agalu okha, pamene mphaka naye amadwala chiwewe ndipo angapatsire munthu pomuluma. Chaka chilichonse pa 28 September dziko lonse limakumbutsana za matenda amenewa, ndiye mukamva kuti a katemera abwera, mphaka naye mupite naye, atatsekeredwa bwino mu dengu. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala.

Tiana timayamba kulawa chakudya chofewa tikakwanitsa masabata 4, koma musatichotse kwa mayi tisanakwane masabata 8. Ndipo chonde, adzukulu anga, ndisadzamve kuti mwatimanga m'thumba n'kukatitaya kudambo kapena m'chimbudzi. M'mudzi muno muli mabanja ambiri amene akulira ndi makoswe. Yambani lero kuwafunsa kuti ndani akufuna mphaka, ndipo amene mudzamupatse mumuuzenso za chakudya, za Panado ndi za katemera.