Dzina Lenileni ndi Dzina Lobisalira pa Tchesi

M'bandakucha uno, pamene ambiri akadali m'tulo, anthu zikwizikwi akusewera tchesi pa intaneti, ndipo ochuluka mwa iwo akudziwika ndi mayina ongopeka. Lichess, bwalo laulere limene Thibault Duplessis wa ku France adayambitsa mu 2010, limalola munthu kusewera ngakhale osalembetsa dzina lililonse, ndipo ufulu umenewu si wopepuka, pakuti wophunzira amene angachite manyazi kugonja pamaso pa omudziwa amapeza pogwera ndi kudzukanso popanda womuloza chala. Akatswiri nawonso amabisala, kawirikawiri pofuna kuyesa njira zatsopano zoyambira masewero adani awo asanazidziwe. Magnus Carlsen wa ku Norway, amene adali katswiri wa dziko lonse kuyambira 2013 mpaka 2023, adasewerapo ndi dzina lakuti DrNykterstein, ngakhale kuti kaseweredwe kake ndi mphekesera sizidachedwe kumuulula.

Chovuta chimabwera ndi injini, ndiko kuti pulogalamu ya pakompyuta imene imawerengera mayendedwe abwino koposa munthu aliyense. Wobera pogwiritsa ntchito injini amene akaunti yake yatsekedwa angathe kubwereranso mawa ndi dzina lina, pamene mnzake amene adaganiza mozama ndi mtima woona watsala wokhumudwa, osadziwa kuti adalimbana ndi yani. N'chifukwa chake Chess.com, bwalo lina la tchesi pa intaneti, imafuna kuti amene ali ndi maudindo a FIDE, bungwe loyang'anira tchesi padziko lonse, atsimikize kuti ndi iwodi asanapikisane pa mphoto za ndalama, ndipo pamenepo kufunsa dzina lenileni n'koyenera ndithu.