GALU ALIBE MLANDU, NANGA IFE?

Abale ndi alongo a m'gulu lino, sabata ino tiyeni tikambeko za galu.

Pabwalo la ndege la Kamuzu pali agalu ogwira ntchito ndi apolisi, onunkhiza zikwama kufunafuna minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka. Mukawaona mungati amadziwa malamulo a dziko. Ayi ndithu. Pophunzitsa galu wotere, amamununkhiritsa chinthucho, ndipo akachipeza amamuponyera kampira koseweretsa. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka fungo lija ndi kampira zimasanduka chinthu chimodzi m'mutu mwake. Iye sadziwa kuti njovu zikutha. Akungofuna kampira kake ndi kusangalatsa mbuye wake, basi.

Mtima womvera womwewu ndi umene umapangitsa galu kutsogolera munthu wosaona pamsewu. Ku America sukulu ya The Seeing Eye inayamba kuphunzitsa agalu otere mu 1929. M'zipatala zina za kunja amalowetsa agalu ofatsa m'mawodi kuti odwala aziwasisita, mtima ukhale pansi.

Koma tamvani izinso. Mu Novembala 2000, wailesi ya kanema ya SABC ku South Africa inaonetsa kanema wojambulidwa mu 1998 kufupi ndi Benoni. Apolisi achizungu a nthambi ya agalu anagwira amuna atatu a ku Mozambique, n'kuwasakizira agalu ngati njira yophunzitsira agaluwo kuluma. Anthuwo akukuwa, apolisi akuseka. Inu amene muli ndi m'bale ku Joni, mukudziwa kuti akanatha kukhala mlongo wanu kapena mwamuna wanu. Nkhani itapita kukhoti, amene analowa m'ndende ndi apolisi. Palibe woweruza anaitana galu kuti ayankhe mlandu.

N'chifukwa chiyani? Galu woluma uja ndi galu wogona pambali pa wodwala anachita chinthu chimodzi: kumvera. Galu sangaime n'kufunsa kuti, "Bwana, munthuyu walakwanji?" Ubwino kapena kuipa kwa ntchito yake kuli m'dzanja logwira chingwe.

Tsono funso langa kwa inu ndi ili: nanga munthu akati "ndinangotumidwa," timukhululukire ngati galu?

Ife ogulitsa mumsika timazidziwa. Wina akangokuwa kuti "Wakubaaa!" anthu amasiya tomato ndi usipa pabenchi, n'kuthamanga ndi miyala. Funsani amene akuponya mwala wachitatu kuti kwabedwa chiyani, sakuuzani. Wamva mawu, wathamanga. Nthawi ya kampeni timaonanso anyamata opatsidwa kachasu ndi kangachepe akukagenda anzawo amene sanayambane nawo. Kangachepe kaja ndi kampira kawo.

Mwina mukuti, "Mayi inu, kumvera n'kofunika. Wapolisi aliyense atamatsutsa lamulo la bwana wake, dziko lingayende?" Zoona, ndikuvomera. Nayenso mwana wosamvera timamudandaula. Komanso njala si masewera. Munthu wa ana asanu akauzidwa kuti chita ichi apo ayi ntchito yatha, mawondo amagwedezeka. Amene wamutuma ali ndi mlandu waukulu, pajatu mutu ukakula sulewa nkhonya.

Koma mlandu waukulu wa wotuma sufafaniza wa wotumidwa. Galu timamumasula chifukwa sangathe kufunsa. Inu ndi ine tingathe. Ngakhale mutachita mantha n'kumvera, usiku mumadziwa chimene mwachita, tulo n'kusowa. Kusowa tulo kumeneko ndiye umboni woti panali posankha. Munthu sangafune ulemu wa umunthu masana, kenako mlandu ukabwera n'kupempha kuti aweruzidwe ngati chiweto.

Ndipo pali mbali ina imene timaiiwala. Ambirife tagwira chingwe cha winawake: mwana, wantchito wapakhomo, mnyamata wotinyamulira katundu. Iwo amaphunzira msanga chimene timawaponyera kampira. Mwana akabwera ndi ndalama yosadziwika kochokera inu n'kumuyamikira kuti ndi wochenjera, mwamuphunzitsa fungo loti azilisaka.

Ndiye musanayankhe m'munsimu, dzifunseni ziwiri. Chingwe changa wagwira ndani, ndipo akandisakizira munthu ndingakane? Nanga amene ndawagwira chingwe ine, ndikuwaphunzitsa kuluma kapena kutsogolera wosaona?

Ndikudikira maganizo anu, makamaka inu apolisi ndi asilikali amene muli m'gulu lino.