Kodi Mkazi Ayenera Kuika Moyo Wake Pachiswe Kuti Adzabale?

MKAZI wachitsikana atauzidwa kuti ali ndi kansa ya m'thumba la mazira, kaŵirikaŵiri amafunsa mafunso aŵiri panthaŵi imodzi: 'Kodi ndidzachira? Kodi ndidzabala?' Mwachisoni, achibale ena amayambira pa funso lachiŵirilo.

Kale madokotala anali kuchotsa mathumba onse aŵiri limodzi ndi chibaliro. Lerolino sizili choncho nthaŵi zonse. Kansa imene imagwira kwambiri atsikana osafika zaka 20 imayambira m'maselo opanga mazira, ndipo kaŵirikaŵiri imakhala m'thumba limodzi lokha. Mankhwala otchedwa cisplatin, amene anavomerezedwa ku United States mu 1978, anasintha zinthu kwambiri: nthendayo itapezedwa msanga, odwala oposa 90 mwa 100 alionse amachira. Dokotala angachotse thumba lodwalalo ndi kusiya linalo pamodzi ndi chibaliro. Ambiri amayambanso kusamba atamaliza mankhwala, ndipo ochuluka abala ana athanzi. Mkazi wosankha opaleshoni yotero sakupeputsa moyo wake.

Komabe, pali mtundu wina wa kansa umene umayambira pa kachikopa kokuta thumbalo. Imeneyi itafalikira kale m'mimba, kusiya chiŵalo chilichonse chobalira kungapatse nthendayo malo obwerera. Apa mpamene pali chiyeso. Apongozi angakhale akudikira mdzukulu. Mkaziyo angaope kuti mwamuna wake adzatenga wina, ndipo mantha amenewo sali opanda maziko m'madera ambiri. Chotero iye angakane opaleshoni, kapena kuizengereza kwa miyezi yambiri, kansayo ikukula.

Kodi nkoyenera kumkakamiza motero? Ana alidi mphatso, koma moyo wa mkaziyo nawonso ndi mphatso, ndipo ulipo kale. Mwana woyembekezeredwayo angabwere kapena osabwera. Lingalirani za Elikana. Mkazi wake Hana anali wosabala ndipo anali kunyozedwa ndi mkazi mnzake, koma Elikana anamkonda ndi kumtonthoza zaka zambiri Samueli asanabadwe. (1 Samueli 1:1-8) Iye sanadziŵe kuti Hana adzabala.

Chosankhacho nchamkaziyo ndi mwamuna wake, osati cha mtundu wonse. Mwamuna Wachikristu adzapita naye kwa dokotala nadzafunsa mosabisa kuti kansayo njamtundu wanji ndi kuti yafika pati. Yankho litakhala loŵaŵa, ndiye ayenera kukauza makolo ake, mkazi wake asanagonekedwe m'chipatala.