Maluwa a pa Ukwati

Nyengo ya maukwati yafika, ndipo m'miphakati mwathu nkhani yakula ndi ya ndalama za okongoletsa. Alipo mabanja amene akhala zaka osadalitsa ukwati, osalandiranso Ukaristia, ati akudikira kuti apeze ya maluwa ndi matenti. Zimenezi n'zomvetsa chisoni. Chimene Eklezia amafuna ndi mkwati ndi mkwatibwi ovomerezana, wansembe kapena dikoni, ndi mboni ziwiri. Dekoreshoni palibepo.

Sindikunyoza maluwa ayi, ndi mphatso ya Mulungu. Koma bwanji tikubwereka apulasitiki ku Limbe pamene mu Okutobala jakaranda ndi boganivila zimachita kuti mbuu kuyambira ku Nguludi mpaka ku Njuli? Thyolani m'mamawa dzuwa lisanakwere, muviike m'chidebe cha madzi pamthunzi, apo ayi ikamakwana nthawi ya Misa adzakhala atafota.

Malamulo a Misa amatiuza kuti maluwa aikidwe mozungulira guwa, osati pamwamba pake. Mu Adventi akhale ochepa. Mu Lenti guwa silikongoletsedwa, kupatula Lamulungu lachinayi ndi masiku a zaka zikuluzikulu. Ankhoswe, kaonaneni ndi bambo mfumu musanalipire aliyense.